Mutu 6: Kachala ka Achemwali

1. Lamulo la Azakhali

Saluni ya Azakhali ndi chipinda chimodzi. Muli magalasi awiri, mipando itatu ndi dulaya yokalamba youmitsira tsitsi imene imalira ngati ili ndi chifuwa. Kumapeto kwa chipindacho kuli katani wobiriwira, ndipo kuseri kwa kataniyo kuli kachipinda kosungiramo mameshi, mabeseni ndi matawulo. Chaka chino m'kachipindamo munawonjezeka matiresi, chikwama, Achemwali ndi mwana wawo.

Achemwali anathawa kubanja. Anafika m'mawa wina mvula ikuwaza, mwana ali kumbuyo, diso limodzi litatupa mpaka kutsekeka. Simu ya foni yawo anali ataithyola m'basi n'kuitaya pawindo.

Alamu anawafunafuna kwa abale onse amene ankawadziwa. Kwa Azakhali sankakudziwa. Pa zaka zonse za banjalo iwo sankalola wachibale wathu kuponda pakhomo pawo. Choncho sankadziwa kuti Azakhali anasamuka, ndipo ifenso abale a Alamuwo sitinkawadziwa nkhope.

Ine ndinali nditangolemba mayeso omaliza a kusekondale. Podikira zotsatira ndinkasesa tsitsi, kutenthetsa madzi ndi kupatsira meshi. Pasaluni amanditchula kuti Chete, chifukwa kasitomala akandifunsa kanthu ndimayankha ndi mutu.

"Musamuone choncho, ndi wanzeru," Azakhali amawauza makasitomala. "Kungoti pakamwa anasiya kusukulu. Akakatenga limodzi ndi satifiketi."

Koma pafoni ndinkayankhula. Tsamba la saluni pa intaneti ndinatsegula ndine. Ndinkajambula mitu yolukidwa, n'kulemba timawu pansi pake, ndipo anthu ankayankha. Ena ankaseka nthabwala zanga. Palibe ankadziwa kuti wolemba nthabwalazo ndi mtsikana amene amalephera kufunsa chenji m'sitolo.

Tsiku limene ndinatsegula tsambalo, Azakhali anandikhazika pampando wa makasitomala n'kundiloza ndi chipeso.

"Tamvera, mwana wa achimwene. Mkazi akakhala pampando uwu amavula wigi, amavula duku, amavula ndi ulemu womwe. Ife timaona dazi limene mwamuna wake sanalionepo. Timaona zipsera. Timamva za apongozi, za mimba, za matenda. Zonsezo zimathera pakhomo apo, timazisesa limodzi ndi tsitsi. Ndiye kafoni kakoko kazijambula kumbuyo kwa mutu basi. Nkhope ayi. Dzina ayi. Galasi uziliphimba ndi thaulo, chifukwa galasi ndi lamiseche, limaulula amene sunafune. Ndipo uziyamba wapempha mwini mutu. Akakana, wakana. Wamva?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ndi pakamwa!"

"Ndamva, Azakhali."

Lamulo limeneli sindinaliphwanyepo ngakhale kamodzi.

2. Manja okhaokha

Masiku oyamba Achemwali ankangobindikira kuseri kwa katani. Koma munthu wozolowera ntchito satha kukhala manja lende. Bala la kudiso litapola, anameta tsitsi lawo, navala epuloni, nayamba kuluka. Ankakhala pampando wa pakona, msana atalozetsa kukhomo. Makasitomala ankangowadziwa kuti ndi woluka watsopano.

Achemwali amaluka kuposa tonse. Zala zawo zimathamanga moti maso amatsalira. Chala chimodzi chokha sichithamanga. Kachala kakang'ono ka kudzanja lamanzere n'kopindika. Alamu anakapana ndi chitseko, ndipo sanawalole kupita kuchipatala, ndiye kanapola kataloza kumbali. Akamaluka, iko kamangoima pambali ngati kapitawo woyang'anira antchito.

Tsiku lina kunabwera Anamwino. Awa ndi mayi wachikulire amene anapuma ntchito yakuchipatala, kasitomala wakalekale wa Azakhali. Tsitsi lawo ndi loyera lonse, ndipo amakana kulidetsa.

"Imvi izi ndinazivutikira," amatero. "Woluka watsopanoyo andiike mizere ing'onoing'ono. Koma asakoke, mutu uwu ndi umodzi womwewu."

Mizere yake inkatuluka ngati ulusi wasiliva. Ndinatenga foni.

"Amayi, ndingajambule kumbuyoku?"

"Ha! Chete wayankhula lero! Jambula, mwanangu. Bola nkhope ayi, ndili ndi adani kukwaya."

Ndinaphimba galasi ndi thaulo. Ndinaima kumbuyo n'kujambula kavidiyo kakafupi. Munkaoneka imvi, chipeso ndi manja awiri. Achemwali sindinawapemphe. Lamulo linkanena za mwini mutu. Za mwini manja silinanene kanthu.

Ndinaposita, ndipo pansi pake, monga mwa masiku onse, ndinalemba nambala ya saluni ndi kumene ili: msewu wake, sitolo ya matayala yoyang'anizana nafe, ndi mtundu wa chitseko chathu.

Mavidiyo anga ena ankaonedwa ndi anthu ochepa. Iyi inayaka ngati moto wa kutchire. Anthu ankasheya, kulaika ndi kulemba makomenti usana wonse. "Awa si manja, ndi makina." "Taonani kachala ako, kakulamula anzake!" Kenako tsamba lina lalikulu, la anyamata amene amaika zoseketsa ndi zodabwitsa, linakopera vidiyoyo. Anaikamo nyimbo, najambula bwalo lofiira kuzungulira kachala kaja. Mawu anga onena kumene saluni ili anawakopera momwemo.

Sabata isanathe, mipando itatu ija inachepa. Amayi ankadikira pabenchi panja. Aliyense akalowa ankati, "Ndikufuna andiluke wa kachala uja."

"Nanga ife a zala zowongoka tikagwire yaulonda?" Azakhali ankayankha, koma akuseka. Anagulanso dulaya yatsopano.

Achemwali analibe foni. Ankaganiza kuti mbiri yawo ikuyenda pakamwa, kasitomala kuuza kasitomala mnzake. Azakhali vidiyoyo anaionapo kamodzi, naona kuti mulibe nkhope, nati zili bwino. Ine ndinkakondwa. Kabodza n'koipa, ndinkakondwa kwambiri.

3. Komenti yopanda chithunzi

M'mawa wa Lachinayi foni ya saluni inalira ndikutsuka zipeso. Anali mnyamata wa mawu othamanga.

"Halo, sisi! Ndine mkulu wa tsamba lija. Ndinu amene munajambula manja aja?"

"Eee."

"Muli ndi diso, sisi. Osanama. Anyamata anga ali ndi makamera aakulu koma amajambula ngati aledzera. Munamaliza sukulu?"

"Ndikudikira zotsatira."

"Zotsatira zake ndi zimenezi, sisi! Anthu ali ndi mapepala mulu koma akungopondaponda m'tauni. Ife tikufuna munthu ngati inu. Muzijambula nafe, tikupatsani foni yabwino, tikuphunzitsani zonse. Koma poyambira tikufuna gawo lachiwiri. Anthu akufunsa nkhope ya mayiyo. Akhale pampando, amwetulire, afotokoze kuti kachalako kanatani. Anthu amakonda nkhani yolilitsa. Mundiyankhe lero, mawa nkhaniyi ikhala itazizira."

Anadula ndisanayankhe.

Chiyambire, palibe munthu wachilendo anandiuzapo kuti ndili ndi luso. Ndinapukuta manja n'kutsegula tsamba lathu kuti ndione vidiyo ija kachikena. Makomenti atsopano anali ambiri. Imodzi inachokera kwa munthu wopanda chithunzi, ndipo dzina lake linali manambala okhaokha.

"Kachala aka ndikukadziwa."

Pansi pake munthu yemweyo anawonjezera kuti: "Mumuuze mwini wake kuti mwana si wake yekha."

M'saluni munali phokoso la masiku onse. Dulaya inkalira. Amayi awiri ankatsutsana za mtengo wa sopo. Achemwali anali pakona akuluka mtsikana wina, ndipo ankaimba chapansipansi. Aka kanali koyamba kuwamva akuimba chibwerere.

Komenti imafufutika mosavuta. Umangoikanikiza ndi chala, foni n'kukufunsa ngati ukufuna ichoke. Ndinaikanikiza. Foni inafunsa. Ikanachoka, palibe akanadziwa. Makasitomala akanapitiriza kubwera, Achemwali akanapitiriza kuimba, ndipo ine ndikanamuimbira mnyamata uja n'kumuuza kuti nkhope n'zosatheka koma manja ena ndingamujambulire ambiri.

Ndikuyang'ana foniyo, china chake chinandikoka siketi. Anali mwana wa Achemwali. Azakhali amamutchula kuti Bwanamkubwa, chifukwa wangophunzira kumene kuyankhula ndipo mawu ake onse ndi olamula. Anali atadzikulunga meshi yofiira m'mutu.

"Chete, jambula ine!"

Ndinachotsa chala pakomenti ija osaifufuta. Ndinamunyamula, ndinapita pakona, ndipo ndinanong'oneza.

"Achemwali, tabwerani kuseri."

"Ukuona ndili pakati pa mutu wa munthu."

"Chonde, Achemwali."

Anandiyang'ana, nasiya chipeso chili chobaya m'tsitsi.

4. Kuseri kwa katani

Ndinawapatsa foni. Anaona vidiyo yonse. Anaona bwalo lofiira. Anawerenga kumene saluni ili. Kenako anawerenga komenti ija, milomo ikuyenda. Anakhala pa ndowa yovundikira.

"Ndi iwowo," anatero. "Mawu amenewa ankandiuza tsiku lililonse. Mwana si wako wekha."

"Nkhope sindinajambule, Achemwali."

"Ndikuona."

"Galasi ndinaphimba."

"Ndikuona, mng'ono wanga." Sanakweze mawu. Anatambasula dzanja lamanzere n'kuliyang'ana ngati ndi la munthu wina. "Nambala ndinataya. Tsitsi ndinameta. Kutchalitchi ndinasiya. Ngakhale pakhomo apo sindiimapo. Nanga dzanja ndikanalisiya kuti?"

Akanandimenya, zikanakhala bwino.

Azakhali analowa atagwira lumo. "Kodi muli pamsonkhano wanji anthu akudikira?" Achemwali anangowapatsa foni. Azakhali anaiika patali ndi maso, monga amachitira akaiwala magalasi, nawerenga pang'onopang'ono. Atamaliza anatuluka. Tinawamva akuuza makasitomala kuti woluka uja wadwala mwadzidzidzi, ndipo mutu wotsalawo amaliza okha. Ena ananyinyirika n'kumapita.

Atabweranso anatseka katani bwinobwino.

"Chete, sindikukalipira wekha. Vidiyo imeneyi ndinaiona ndi maso angawa, ndipo ndinaona makasitomala okhaokha. Walira mvula walira matope. Koma umve lero, usadzaiwale. Kale munthu akafuna kukupeza ankayenda. Ankafunsa pamsika, ankafunsa pasiteji, ndipo anthu achifundo ankamusocheretsa. Ankati sitikumudziwa, yesani uko. Nsapato zinkamuthera, mkwiyo n'kuzizira panjira. Lero munthu akukhala pampando kwake, miyendo pamwamba, ndipo ife eni ake tikumutumizira msewu, sitolo ndi mtundu wa chitseko. Amene anasheya vidiyoyi si anthu oipa. Ankayamikira. Koma aliyense wa iwo ananyamula m'bale wako n'kumusendeza pafupi ndi munthu amene anamuthyola chala. Pafoni palibe womusocheretsa. Aliyense amaloza njira."

"Ndifufuta vidiyoyo," ndinatero.

"Nanga zinazo? Zonse si zili ndi msewu wathu?"

Zinalidi choncho. Chithunzi chilichonse chinali ndi msewu wathu. M'zithunzi zina munkaoneka epuloni ya Achemwali. M'chimodzi, pakona penipeni, munkaoneka kansapato ka Bwanamkubwa.

Azakhali sanandilamule. Anangoima n'kumandiyang'ana. Tsambalo linali lobweretsa makasitomala awo, koma tonse tinkadziwa kuti linali langa.

Ndinalowa pamene pamafufutidwa tsamba lonse. Foni inandichenjeza kuti zithunzi, makomenti ndi anthu onse otitsatira zidzapita. Inandifunsa ngati ndatsimikiza. Inandifunsanso kachiwiri, ngati munthu amene sakukhulupirira. Ndinavomera.

Kenako ndinamuimbira mnyamata uja. Mawu anatuluka ndithu.

"Ntchito ija sinditha. Komanso chonde muchotse vidiyo ija."

"Aaa, sisi! Mwalodzedwa? Vidiyo imene ikutidyetsa sabata ino?"

"Mwini manjawo sanalole. Ali pamavuto. Pali munthu akumusaka."

Ndinaganiza kuti wamva.

"Akumusaka? Sisi, imeneyo ndiye nkhani! Ndani akumusaka?"

Azakhali anandilanda foni. "Iwe mwana, uli ndi mayi ako?"

"Amayi, musandiopseze. Mwaonamo nkhope? Mwaonamo dzina? Munaika nokha poyera, ife tinangotola. Ndipo ngakhale ndichotse ine, masamba ena atenga kale. Mukawaimbira onse?"

Anadula.

5. Mawu a Anamwino

Azakhali anaitanitsa Anamwino, chifukwa iwo amadziwa maofesi ndi anthu othandiza amayi othawa nkhanza. Anafika dzuwa lili pamutu, mizere ija idakali m'mutu. Anakhala pamatiresi, namvetsera zonse. Kenako anandiitana kuti ndikhale pafupi.

"Mwanangu, ine unandipempha, ndipo ndinavomera. Unachita bwino. Koma ndikuuze zimene ntchito inandiphunzitsa. Ndili mtsikana, anatituma kukaphunzitsa amayi za matenda ena ochititsa manyazi. Anatilangiza kuti tisatchule dzina la wodwala. Mnzanga wina anaimirira n'kunena kuti, kuli mayi wina, dzina sinditchula, wosoka zovala, wamapasa, amene tinamupeza ndi matendawa. Dzina sanatchuledi. Koma dera lonselo wosoka wamapasa anali mmodzi. Amayi onse anatembenuka n'kumuyang'ana. Mayi uja ananyamula ana ake n'kutuluka, ndipo kuchipatala sanabwerenso. Tinadzamva kuti anamwalira kunyumba, mankhwala ake ali pashelefu pathu.

"Kuchokera tsiku limenelo ndinadziwa kuti munthu si dzina lokha. Munthu amadziwika ndi kayendedwe, chipsera, chifuwa chake, mpanda wa nyumba yake, nsapato ya mwana wake. Iwe ukaona dzanja, ukuona dzanja. Koma kunja kuno kuli munthu mmodzi amene akaona dzanja lomwelo akuona mkazi wake. Ndiye usamafunse kuti, kodi anthu amuzindikira? Uzifunsa kuti, kodi alipo mmodzi amene angamuzindikire? Ndipo wodziwa yankho si iwe wojambula. Ndi mwini thupi. N'chifukwa chake timapempha. Kupempha si mwambo wongokwaniritsa. Mwini wake amadziwa amene akumuopa, iwe sudziwa."

Achemwali anali akupinda zovala za mwana. Sanatembenuke.

"Nanga malamulo, amayi?" Azakhali anafunsa. "Munthu angamangoika m'bale wathu poyera ife tikukana?"

"Malamulo oteteza zinsinsi za anthu alipo, ndipo tikadandaula. Sitisiya. Koma kudandaula kumafuna kulemba, kudikira, kuitanidwa. Lamulo limayenda wapansi, asisi, pamene foni imauluka. Tikadzapambana mlanduwo, munthu uja adzakhala atamwa kale tiyi m'saluni muno."

Anandiuza kuti ndiyesebe kudandaula kwa eni ake a malo amene masamba onsewa amakhala. Pansi pa vidiyo iliyonse pali podina ngati ikukuvutitsa. Ndinadina. Panatuluka zifukwa zoti ndisankhepo: zolaula, zachiwawa, zabodza, zonyoza. Chifukwa chathu panalibe. Ndinasankha chapafupi, n'kulemba m'Chingerezi changa cha kusukulu kuti mwini manjawo akubisala ndipo moyo wake uli pachiswe.

Yankho linabwera madzi a tiyi asanawire. Anathokoza kwambiri chifukwa chowadziwitsa. Anati aiona vidiyoyo ndipo sikuphwanya lamulo lawo lililonse, popeza simukuoneka nkhope kapena dzina la munthu.

Ndinawamasulira.

"Wayankha ndani msanga chonchi?" Azakhali anafunsa.

"Ndi makina, Azakhali."

"Ndiye makinawo anaphunzira lamulo langa lomwe lija," anatero. Palibe anaseka.

Anamwino anaimirira n'kukonza diresi. "Mtsikanayu sagona muno lero. Ndikudziwa nyumba ina imene amasungamo amayi otere. Salola kukambirana pafoni, ndipo akuchita bwino. Tiyeni tikaonane nawo pamaso, tibwere ndi galimoto."

Achemwali anayankhula koyamba. "Ndinali nditayamba kuzolowera kuno."

"Ukazoloweranso kwina, mwanangu. Wamoyo ndi amene amazolowera."

6. Kasitomala womaliza

Potuluka, Azakhali anandipatsa malangizo ali pakhomo.

"Usatseke. Tikatseka masana, msewu wonse uyamba kufunsa. Aliyense wobwera umuuze kuti woluka uja anasiya ntchito ndipo sitikudziwa kumene anapita. Mwamuna aliyense asalowe. Ukaona mwamuna waima pafupi, kiya chitseko, undiimbire. Uyankhule ndi pakamwa lero, Chete."

Anapita limodzi ndi Anamwino. Achemwali anatsala kuseri akulongedza, mwana atamugoneka pamatiresi. Ine ndinatenga tsache.

Ndinkasesa maso ali kumsewu. Mwamuna aliyense wodutsa ndinkamuyang'ana mpaka atapitirira. Anyamata a m'sitolo ya matayala ankagubuduza matayala awo. Wogulitsa zipatso anadutsa ndi wilibala. Amayi awiri anabwera kudzafuna wa kachala, ndipo ndinawauza monga anandiuzira. Anadandaula n'kubwerera.

Dzuwa litapendeka kunalowa mayi wina wachitsikana, wovala bwino, kachikwama kali m'khwapa. Anali ndi nkhope yofatsa. Anapukuta nsapato pachopondera asanalowe, zimene makasitomala ambiri sachita.

"Odi kuno! Koma ndiye kutentha. Ndi pano pamene pali woluka wotchuka uja?"

"Anasiya ntchito."

"Ayi, musatero! Ine ndachokera kutali, mabasi awiri. Anapita kuti?"

"Sitikudziwa."

"Zachisoni." Anakhala pampando wapakati n'kuvula duku. Foni yake anaiika pamiyendo chovundikira. "Basi inuyo mungondipesa, ndisabwerere chimodzimodzi. Mumatha, eti?"

Azakhali anati mwamuna asalowe. Uyu anali mkazi, ndipo anali atakhala kale. Ndinaganiza kuti kumuthamangitsa kungamudabwitse. Ndinamufunditsa thaulo m'mapewa n'kutenga chipeso.

"Ndinu mwana wa eni saluni?"

"Ndine wantchito."

"Mumagona momwe muno?"

"Ayi."

"Kuseriko ndi kosungira katundu?"

"Eee."

Ankafunsa akumwetulira, maso ali pagalasi. Sankadziyang'ana yekha. Ankayang'ana katani. Ndinasuntha kuti ndimutchinge, ndipo ndinayamba kupesa mofulumira.

"Pang'onopang'ono, asisi, mundizula," anatero mokweza, naseka. Kuseka kwake kunali kwakukulu, kotha ndi kamluzu.

Kuseri kunamveka matiresi akukhwekhwereza. Ndinamva Achemwali akunong'ona kuti, "Bwera kuno, iwe!" Koma mochedwa. Katani anagwedezeka m'munsi, ndipo panatuluka kamutu ka Bwanamkubwa, maso ali ofiira ndi tulo. Anayang'ana mayi uja pagalasi. Nkhope yake yonse inawala.

"Anti!"

Anathamanga n'kudziponya pamiyendo pake. Mayiyo anamukumbatira ndi dzanja limodzi, namupsompsona pamutu.

"Wakula, mwana wa achimwene! Amayi ako ali kuti?"

Mwana analoza katani.

Ndinagwira mwanayo paphewa kuti ndimukoke, koma mayi uja anali atamugwira kale pamkono, ndipo zala zake zinali zitazungulira kamkonoko mpaka kukumana. Sankamwetuliranso. Ndi dzanja linalo anatembenuza foni ija. Inali yoyaka. Inali pa kuyimba nthawi yonseyi, chilowereni.

Anaikweza pafupi ndi pakamwa.

"Mwamva nokha, achimwene."

Kuseri kwa katani chikwama chinagwa pansi. M'fonimo munatuluka mawu a mwamuna, odekha, osafulumira.

"Ndamva. Usamusiye mwanayo. Mayi ake sangathawe popanda iye. Ndikuwoloka msewu."